Nambala ya Malemu Anjelina

Okondedwa alamu a Salome,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsanjeko. Ife kuno ku Bangwe tilipo ndithu.

Mwana wanu Tithokoze wanditopetsa ndi foni imene anasiya malemu achemwali anu. Ndalama ya ndiwo ndikamusiyira, amagulira bandulo yoonera mavidiyo. Ndalankhula mpaka ndatopa. Lamlungu titachoka ku Misa ndinamulanda foniyo n'kuitsekera m'sutikesi. Sanalire. Anangoti, "Ababa, mukasiya kuikamo mayunitsi, nambala ya amayi adzaipatsa munthu wina. Tikadzaimba adzayankha mlendo."



Foni sindinamubwezere, poti mayeso ayandikira. Koma dzulo ali kusukulu ndinaitulutsa, ndinaikamo mayunitsi ndekha, kenako ndinakhala nayo pabedi kanthawi. Iye sakudziwa. Inunso musamuuze.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlamu wanu,
Laurenti