Ovaova Inayo Musabwere Nayo

Kwa Kalembo, Balaka
Meyi 1987

Okondedwa achimwene a Hamadi,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko. Chifuwa chija munkadandaula chinatha? Nanga kufunga mukukwanitsa bwanji pansi pa mgodi, ndi kutentha kumene mumanena kuja? Kuno amayi ali bwino, kupatula bondo lawo lija. Nafisa wanga akukula, pakamwa sipatsekeka. Ine ndilipo, koma nditati ndili bwino ndiye kuti ndanama m'mwezi wa Ramazani.

Kalatayi sinadzere ku positi. Ndapatsa a Chester, anzanu a kumgodi aja, popeza tchuthi chawo chatha. Mukawerenga muiwotche.

Achimwene, alamu anu a Swaibu anawatenga a boma. Anawatenga titangoyamba kufunga, ndipo mlandu wake ndi ovaova ija munatumiza, wailesi yolankhulirana ija.

Musayambe kudziimba mlandu. Ndikufotokozerani zonse kuti muone kuti palibe amene ndikumuloza chala.

Mukukumbukira mmene nkhaniyi inayambira. Dzinja lathali a Swaibu ndi anzawo a Ambrose ankachokera kwa Mposa ndi malole awo awiri odzaza matemba. A Swaibu anali patsogolo. Lole ya a Ambrose inatitimira m'matope a kudambo mpaka matayala osaoneka, ndipo jeke itaterereka inawaphwanya phazi. Amuna anga anangopitirira, akuimba nyimbo zawo, mpaka kukafika ku Liwonde osadziwa kanthu. Pobwerera anapeza mnzawo atagona m'matope, phazi litatupa ngati dzungu. Mpaka lero a Ambrose amatsimphina, ndipo a Swaibu sanadzikhululukire.

Ndiye anakulemberani kuti muwafunire chinthu choti wakutsogolo azimva wakumbuyo akaitana. Inu munachita bwino, munayenda m'masitolo. Munalemba kuti pali yaikulu yomangirira m'galimoto, ya mlongoti wautali, imene azungu okoka tinyumba ndi galimoto amapita nayo kutchire kukaona nyama. Munati imeneyo imafika kutali koma mtengo wake ndi wogulitsa lole. Munatinso pali ting'onoting'ono togwira m'manja, tiwiritiwiri, toyendera mabatire a tochi, tosafika patali ndiponso togonja pakakhala phiri pakati.

Amuna awiriwa anakhala pakhonde panga masiku angapo akukangana ngati akusankha mkazi. A Ambrose ankafuna yaikuluyo. A Swaibu ankati iyayi, malole awo amayenda mondondozana, safuna kulankhula ndi ku Blantyre, akungofuna kumva mnzawo akafuula kuseri kwa khona. Ine ndinalowererapo kamodzi kokha. Ndinafunsa ngati boma limalola munthu wamba kukhala ndi chinthu chotero popanda chiphaso. A Ambrose anati kukapempha chiphaso n'kudziitanira mafunso, bola kungokhala chete. A Swaibu anaseka n'kunena kuti akazi amaopa ngakhale tochi. Ndinabwerera kukhitchini kwanga.

Anasankha ting'onoting'ono togwiritsidwa kale ntchito, totchipa kuposa zonse. Inu munapeza kuti imodzi mlongoti wake ndi wothyoka, ndiye munatumiza yabwinoyo ndi a Chester, n'kusunga inayo kuti muikonzetse, mudzabwere nayo nokha pa Idi.

Mukuwadziwa alamu anu ndi chinthu chatsopano. Munthu wina akanaibisa m'sutikesi kudikira inzake. Iwo ayi. Anaikoloweka palamba n'kupita nayo ku Utale, kumene anakasiya zisaka za thonje. Kumsika anthu anawazungulira, iwo n'kukwera pamwamba pa lole, kusolola mlongoti, kuyang'ana chakum'mawa, n'kumafuula kuti ova, ova. Popeza panalibe woyankha, anayamba kuchita nthabwala m'Chiyao, kunamizira kuti akulamula munthu wa kutali kuti awaphikire tiyi. Omva Chiyao anagwa nako kuseka. Koma pamsika sipakhala Ayao okha, ndipo kum'mawa kumene anayang'anako mukudziwa kuli malire, ndi nkhondo ya anzathu aja.

Sipanapite masiku, kunabwera galimoto yopanda chizindikiro ndi amuna ovala zawamba. Anafika masana, ine ndikupeta mpunga. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anapempha ovaovayo mwaulemu, a Swaibu n'kuwapatsa ndi manja awiri akumwetulira, akuganiza kuti afotokoza za matope ndi phazi la a Ambrose basi nkhani ithe. Anawauza kuti akwere akafotokozere kutsogolo. Anapita atavala patapata.

A Ambrose anawatsatira ndi ndodo yawo mpaka kumene anawatsekera. Anavula nsapato pamaso pa mkulu wa kumeneko kumuonetsa phazi. Anamuuza kuti kachinthuko sikafika n'komwe kuchokera kwa Kalembo mpaka pa Ulongwe, ayese yekha aone. Mkuluyo akuti sanayang'ane n'komwe phazilo. Anangoti ovaova siyenda yokha, ili ndi inzake, ndipo a Swaibu satuluka mpaka inzakeyo ipezeke pamodzi ndi woigwira. Kenako anafunsa ngati woigwirayo ali m'dziko muno kapena kunja.

Achimwene, funso limenelo ndi limene landilembetsa kalatayi.

A Ambrose ndi munthu wabwino, ndipo akuzunzika mumtima chifukwa akuona ngati phazi lawo ndi limene lamangitsa mnzawo. Iwo akuti mubwere nayo inayo, ndi pepala la kusitolo kumene munagula, a boma aone kuti ndi zidole za azungu oyenda kutchire. Akuti choonadi chikaonekera awamasula. Ndikudziwa kuti nawonso akulemberani, mwina kalata yawo ifika isanafike yangayi. Musawamvere.

Anthu aja sakufuna pepala la kusitolo. Akufuna munthu wa kunja kwa dziko amene Myao wa kufupi ndi malire ankalankhula naye. Mukatsika ndi chinthucho m'sutikesi, mwawapatsa munthuyo. Simufika n'komwe pa Balaka.

Ndinawaona a Swaibu kamodzi. Ndinanyamula futali wa chinangwa kuti adzamasulire swaumu, ndipo nditapempha mpaka kugwada anandilola kuima pakhomo. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono. Mbale anailandira ndi dzanja lamanzere, n'kundipepesa. Inu mukudziwa kuti munthu uja salandira ngakhale machesi ndi dzanja lamanzere. Nditayang'ana lamanja ndinaona zala zitatupa, sizikupindika. Sindinalire pamaso pawo, ndinakalirira pa siteji ya basi.

Msilikali wolondera pakhomopo atatembenuka, a Swaibu anandinong'oneza msangamsanga m'Chiyao. Anati awauza a bomawo kuti ovaovayo anaigula kwa munthu wosamudziwa m'sitima pa Nkaya, ndipo dzina lanu kapena la a Chester silinatuluke pakamwa pawo. Anati ndikuuzeni kuti mutenge kontrakiti ina, musabwere chaka chino. Msilikaliyo anakalipa kuti tizilankhula Chichewa, ndipo a Swaibu anangowonjeza mokweza kuti futali wachepa mchere. Ndi zala zoterozo anali akundisekabe.

Mukuona tsopano. Mukabwera, mawu awo a m'sitima asanduka bodza, ndipo zala zija zatupira chabe. M'malo motulutsa mmodzi, tilowetsa awiri, mwinanso atatu ndi a Chester.

Sindikubisirani, mtima wanga suli umodzi. Ndikamapita kumjigo mtimawo umandiuza kuti mwina a Ambrose akunena zoona, mwina mutabwera amuna anga akanagona kunyumba. Ndimakwiya nanu, ndimakwiya ndi a Swaibu ndi nthabwala zawo za pamwamba pa lole, ndimakwiya ndi matope a kwa Mposa. Ndikufuna amuna anga, achimwene, ndikuwafuna kwambiri. Koma sindingawagule ndi mwana wa amayi anga, ndipo eni ake akana kugulidwa motero.

Pamudzi pano anthu asintha. Amene ankabwera kudzapempha lifiti pano amadutsa kuseri kwa nyumba. Dzana ndinapeza Nafisa ataika chitsononkho pakamwa, akufuula ova, ova, kuitana bambo ake pabwalo anthu akudutsa. Ndinamumenya, achimwene, mwana wosalakwa, mpaka chitsononkho chinagwera patali. Kenako ndinamukumbatira tonse tikulira. Iye akuti amafuna abambo amve kuti abwere.

Tsono chimene ndikupempha ndi ichi. Ovaova muli nayoyo muiphwanye ndi mwala, zidutswa mutaye kosiyanasiyana. Pepala la kusitolo muwotche limodzi ndi kalatayi. Musauze Mmalawi aliyense pa komponi, ngakhale amene mumapemphera naye, chifukwa amene amabwerera kuno ndi ambiri ndipo sitidziwa amene amakafotokoza. Kenako mulembere amayi kudzera ku positi kalata wamba, yoti aliyense atha kuitsegula, munene kuti abwana akukanizani tchuthi.

Amayi akudziwa kuti a Swaibu ali m'manja mwa boma, koma sakudziwa kuti nkhaniyi ikukukhudzani. Akuti Hamadi akabwera akalankhula nawo akuluakuluwo, poti iye wayenda ndipo amadziwa Chizungu. Azira kale nyumba yanu, ndipo mbuzi ija akuidyetsa madeya kuti inenepe pofika Idi. Galimoto iliyonse ikaima pamsewu amatuluka ndi bondo lawolo kukasuzumira. Kalata yanu ikafika adzalira, ndipo ine ndi amene ndidzawawerengere. Ndidzapirira. Bola alire mwana amene wakanizidwa tchuthi.

Za ife musade nkhawa mopitirira. Lole ya a Swaibu ili pansi pa mtengo wa mango, a Ambrose amabwera kudzailiza kuti batire isafe. A shehe amatikumbukira m'duwa Lachisanu lililonse, ngakhale satchula dzina mokweza. Akuti ena amatuluka anthu aja akatopa nawo. Ena satuluka. Sindikudziwa kuti a Swaibu ali m'gulu liti, ndipo palibe woti ndimufunse.

Mundiperekere moni kwa a malume a Bakari ngati mumaonana nawo, koma za nkhaniyi musawauze. Nafisa akuti mumugulire nsapato zofiira. Mulungu akusungeni pansi pa nthaka ndi pamwamba pomwe, alandire swaumu yanu, ndipo atikumanitse pa nthawi imene Iye wafuna.

Alamu anu ankangofuna kuti mnzawo akaitana pamatope, iwo amve n'kubwerera. Lero ali pamatope ndi iwowo, ndipo akuti musabwerere. Chonde achimwene, amvereni.

Ndine mlongo wanu,
Lukiya