Mathithi Amene a Magadalena Sanawaone

Okondedwa asuweni a Zikhalo,

Ndinali m'munda wa nyemba Lachiwiri m'mawa pamene a Salma apagolosale anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Alamu anu a Magadalena anali atatisiya kuchipatala. Tinawaika Lachinayi kuno ku Kasina, mvula ikugwa.

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kalata yanu yofunsa zopita ku mathithi mu Januwale ndinailandira. Bwerani ndithu. Dzinja lino mkokomo wake ukumveka mpaka pakhonde pathu, chonsecho ali kuseri kwa phiri.

Alamu anu anakhala nane zaka makumi atatu akungowamvera patali. Chaka chilichonse ndinkati tipita tikatha kupalira, kenako tikatha kubandira. Pomadzapeza mpata, madzi amakhala ataphwera. Iwo ankangoseka: "Aphunzitsi, mitsinje ya m'mabuku mumaidziwa yonse, koma wa kuseri kwa phiriwu wakukanikani."

Mukabwera, a Ignasio anansi athu adzakuperekezani. Za ine tidzakambirana.

Nsapato za mphira zimene alamu anu anagulira ulendo wa ku mathithiwu zikadali kuseri kwa chitseko, zosavalidwa.

Ndine msuweni wanu,
Samuel