Wasiya Mapiritsi Kuti Akakwere Chombo

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire ndipo pabanja ndakhalapo zaka zoposa makumi anayi. Kunena zoona ndinakwatiwa pamitala: mkazi wamkulu wa mwamuna wanga Eloy ndi thambo, ine ndine wachiwiri. Moyo wake wonse waphunzitsa sayansi pasekondale ya m'tauni mwathu muno, ndipo atapuma ntchito sanapume pakamwa. Madzulo kukakhala kopanda mitambo amaimika telesikopu yake panja pa golosale, n'kumaitana aliyense wotuluka ndi katundu kuti adzaone mapiri a pamwezi. Ena amaima, ena amamulambalala. Ine ndinazolowera. Ndinkadzitonthoza kuti bola nyenyezi kusiyana ndi mowa.

Mukulidziwa bwalo la zombo za m'mlengalenga lija anamanga kuchipululu. Ife a kuno timangomva kugunda kwake. Okwera ndi anthu olemera ochokera kutali, amene amadutsa m'tauni mwathu mawindo a galimoto ali otseka. Ndiye chaka chatha kampani ina yonyamula alendo kupita nawo m'mlengalenga inalengeza kuti ipereka mpando umodzi kwaulere kwa munthu wa m'chigwa chino, wosankhidwa ndi anthu eni ake. Ana amene Eloy anawaphunzitsa, ena pano ali ndi zidzukulu, anayenda khomo ndi khomo kumupemphera mavoti. Anapambana mosavuta. Pakhoma la sukulu anamujambula atavala chipewa cha oyenda m'mlengalenga, mphuno atamuchepetserako mwachifundo. Kutchalitchi amamupempherera pomutchula dzina, ndipo ana amamuimitsa pamsewu kumupempha kuti akadzafika kumwambako adzawabayibitse. Tsiku limene anapambana ndinalira ndi chimwemwe, sindinama.

Ulendo wake si wautali. Chombo chimakwera mwaliwiro mpaka thambo litada bii masanasana, munthu amayandama mphindi zochepa n'kuona dziko litapindika, kenako n'kubwerera. Koma pokwera ndi potsika thupi limalemera kangapo, ndiye asanakunyamule amayamba akuika m'makina ozunguza, onga mgolo wozungulira uja timawotchera tsabola kwathu kuno, kuti aone ngati upirira. Eloy anapita kumakinawo mu Juni ndipo anakomoka. Omuphunzitsa a kukampaniko anati si zachilendo, adzayesenso ulendo ukamayandikira. Koma akadzakomokanso, mpando upita kwa wina.

Anabwera kunyumba n'kutulutsa mabuku ake. Kenako anayamba kuwerenga, ndipo Eloy akayamba kuwerenga osadya, ine ndimadziwa kuti kukubwera mavuto.

Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kuyambira kale. Madokotala a kampani akudziwa, ndipo anati palibe chovuta bola azimwa mankhwala. Mapiritsi ake ndimamuikira ndine m'kabokosi Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa. Lamlungu lina mu Ogasiti ndinapeza kabokosiko kali kodzaza monga ndinakasiyira. Nditamufunsa sanakane n'komwe. Anandigwira dzanja kupita nane kuseri kwa nyumba, n'kumanga botolo la madzi pachingwe, n'kuyamba kulizunguza pamwamba pa mutu ngati ali m'kalasi.

"Taona, Ofelia, madziwa athawira kuti? Kumatako kwa botolo," anatero. "Ndi mmene magazi amachitira m'makina muja. Amathawa kumutu kupita kumiyendo, munthu n'kuzima ngati nyali. Ndiye ine ndizimwa mapiritsi ofooketsa magazi pomwe ndikufuna magazi okwera chitunda? Anandigwetsa ndi amenewo."

Ndinati, "Nkhalamba iwe, udokotala unauyamba liti?"

"Iyi ndi sayansi ya ana, mayi. Sabata yokayezedwa ndidzamwa, makina awo oyezera magazi aone zabwino. Ndikangotuluka, ndasiya."

Kuyambira pamenepo mchere ndiye wasanduka ndiwo. Amathira m'nyemba asanalawe, amatafuna zikopa za nkhumba zokazinga ngati mnyamata, mpaka kumwa madzi otsala m'botolo la nkhaka zamchere. Akuti akukweza mphamvu. Mnzake wa kukalabu yawo ya nyenyezi, Wendell, ndiye amakolezera moto. "Msiye munthu, Ofelia," amatero. "Oyendetsa ndege zankhondo unawaonapo akumwa timapiritsi ta agogo?" Wendell ameneyo ndege yankhondo anangoionera pa kanema.

Chimene chandilembetsa kalatayi chachitika Loweruka lapitali. Tinapita kukawotchetsa tsabola wathu wa chaka chino. Tili pamzere, utsi uli tolotolo, Eloy atanyamula thumba, ndinangoona thumba lija lagwa. Nditamuyang'ana, mbali imodzi ya pakamwa inali itagwera pansi, dzanja lamanja lili lende. Ankandiyang'ana n'kumayesa kutchula dzina langa, koma chotuluka chinali phokoso chabe, ngati munthu amene ali ndi mbatata yamoto mkamwa. Ndinamukokera m'galimoto. Tisanafike pamphambano yopita kuchipatala mawu anabwerera, ndipo oyamba anali akuti, "Khota, tipite kunyumba."

Ndinakana. Anagwira chiwongolero. Aphungu, zaka zonsezi munthu uyu sanandikwezerepo mawu, ndipo tsikulo sanakwezenso, n'chimene chinandiopsa kwambiri. Anati, "Ndikalowa m'chipatala muja, mawa madokotala a kampani amva. Ofelia, ndakhala ndikuuza ana kuti dziko ndi lozungulira, koma nanenso ndinangomva kwa ena. Ndisiye ndikaone. Ukanena, wandipha ndiwe, osati magazi." Kenako anandilumbiritsa pa dzina la malemu amayi anga. Ndinalumbira, n'kukhotera kunyumba.

Bambo ake a Eloy anagwidwa ndi sitiroko ali ndi zaka ngati zakezi. Sanafe msanga. Anagona zaka zambiri m'chipinda chathu chakumbuyo, osalankhula, maso ali kudenga, ndipo wowasambitsa, wowatembenuza ndi wowapukuta ndinali ine. Imfa sindikuiopa kwenikweni, ndikuopa chipinda chimenecho. Pano ndikangomva supuni yagwa kukhitchini ndimathamangira komweko.

Sabata yamawa akupita kukayezedwa komaliza, kenako kumakina ozunguza aja. Ife akazi ndi amuna a okwera amatiitananso, ndipo dokotala amatifunsa ngati taona chachilendo kunyumba. Mwana wathu Marisela, amene amakhala ku Albuquerque, sakudziwa kanthu, wagula kale diresi lodzavala tsiku la ulendo. Ndaganizapo zomasinja mapiritsi n'kumamuthirira m'khofi mobisa. Ndaganizaponso zongokhala chete, poti moyo ndi wake ndipo chimene wakhala akulota kuyambira ali mwana ndi chimenechi. Tauni yathu ndi yaing'ono ndipo mpando ndi umodzi, ndiye ndikudziwa kuti aliyense wowerenga kalatayi amuzindikira. Sindikudziwanso ngati zimenezo ndikuziopa kapena ndikuzifuna. Ndimamukonda munthuyu, ndipo ndamukwiyira kuposa kale lonse. Nditani, Aphungu?

O.T., Hatch

Mayi O.T.,

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Zimene zinachitika pamzere wa tsabola si kutopa, si utsi. Pakamwa kupotoka, dzanja kufooka, mawu kusowa kenako n'kubwerera, kameneko ndi kasitiroko kochenjeza, ndipo yaikulu imakonda kutsatira m'masiku kapena masabata oyandikira, osati chaka chamawa. Amuna anu akufunika kuonedwa ndi dokotala lero. Zikachitikanso, musawakweze m'galimoto yanu momwe angagwire chiwongolero. Imbirani ambulansi ndipo musawafunse maganizo.

Botolo la pachingwe lija silinaname, magazi amathawadi kumutu. Koma botolo lilibe mitsempha yokalamba imene ingatsekeke kapena kuphulika. Amuna anu akudziwa theka la nkhani, ndipo theka limenelo ndi limene likuwapha. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Chowawa n'chakuti kukomoka m'makina amenewo kuli ndi njira zake zokuchepetsera, za kapumidwe ndi kulimbitsa miyendo, ndipo akadapita ndi nkhawa yawo kwa madokotala mwina akadawaunikira za mankhwalawo. Iwo anasankha kumvera a Wendell.

Za lumbiro musasowe nazo tulo. Munalumbira galimoto ikuyenda, munthu atagwira chiwongolero. Limenelo si lumbiro, ndi kugwidwa pakhosi. Malemu amayi anu sanakulereni kuti dzina lawo lidzatsekere munthu khomo la chipatala.

Musavomerenso zoti moyowo ndi wawo okha. M'chombo muja sakhalamo okha. Muli anthu ena omangidwa malamba pambali pawo, muli oyendetsa amene akufunika maso ndi manja awo onse kuti achitsitse bwino, ndipo mulibe chipatala kapena poima panjira. Munthu akagwidwa ndi sitiroko kumeneko, anzake amayamba kulimbana ndi iye pa nthawi imene sayenera kucheuka. Ndipo akabwerako amoyo koma osalankhula, wolowa nawo m'chipinda chakumbuyo chija ndinu, osati a Wendell kapena amene anawajambula pakhoma.

Tsono chitani izi. Imbirani Marisela pompano, mumuuze zonse, anyamuke. Ndi ulendo wa maola ochepa, afika lero lomwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwasenza mokwana. Akafika, khalani pansi ndi amuna anu, osati mokangana, muwauze poyera kuti lumbiro lija mwalimasula. Auzeni kuti mukupita nawo kuchipatala, ndipo kuti madokotala a kampani amva, kaya kuchokera pakamwa pawo kapena panu. Apatseni mwayi woyamba wonena okha. Mphunzitsi amene angaime pamaso pa anthu n'kunena kuti thupi langa lakana, amachokapo ndi ulemu wake. Wogwidwa akubera mayeso sachoka ndi kanthu. Akakana, imbirani dokotala wawo inuyo. Sangakuululireni za wodwala wake, koma kumvetsera amvetsera. Ndipo musawanyengerere ndi lonjezo loti akachira adzakwerabe. Mwina zidzatheka, mwina ayi. Inu simukudziwa, inenso sindikudziwa.

Mwati simukudziwa ngati mukufuna kuti anthu awazindikire kapena ayi. Ine ndikudziwa. Mwandilembera kuti nyuzipepala ikunenereni zimene mukuopa kunena nokha, kuti mkwiyo wawo udzagwere ine. Sindikukudzudzulani, mantha amatichititsa zotere tonsefe, koma sindilola. Yankho ili ndakutumizirani lero lomwe, ndipo kalata yanu siituluka mpaka mutandiuza kuti mwalankhula nawo. Munthu amene mwakhala naye zaka zonsezi sayenera kumva za m'nyumba mwake kwa anthu a pamsewu.

Chenjezo langa ndi la khofi uja: musayerekeze. Simukudziwa mlingo umene thupi lawo likufuna pano, ndipo mungokhala mukuwathandiza kunamiza oyeza kuti awalole kukwera.

Sindikunamizani kuti adzakuthokozani. Amuna ena amadzathokoza, ena amapita nawo kumanda mkwiyo wawo. N'kutheka kuti adzaonera pa kanema munthu wina atakhala pampando wawo, ndipo sadzakuyang'anani kumaso kwa nthawi yaitali, mwina mpaka kalekale. Mukhoza kupulumutsa mwamuna n'kutaya chikondi chake. Ndikudziwa kuwawa kwake, mayi, ndipo ndikukuuzanibe kuti imbani foniyo.

Aphungu