Mapeto a mabuku ndinasuta ndine

Kanyama, Lusaka
6 Malichi 1989

Okondedwa alongo anga a Mainess,

Landirani moni wochokera kuno ku Kanyama. Muli bwanji kumeneko ku Katete, nanga bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ife tilipo. Madzi a mvula alowanso m'nyumba, moti achule tikukhala nawo ngati alendo ochokera kumudzi, kungoti iwo sapempha shuga. Unga wa nsima tikuupezera pamzere, ndipo mzerewo watalika kuposa ulaliki wa abusa athu.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Nason, amene ndikusunga kunoyu. M'kalata yapita ija ndinakuopsani kuti mwanayu wayamba chamba, inu n'kuyankha kuti mutuma mwana wanu Fanwell adzamutenge, sukulu ithere pomwepo. Muuzeni Fanwell avule nsapato akhale pansi. Mwana alibe mlandu. Wamlandu ndi amene akukulemberaniyu.

Zifukwa ndinali nazo. Akaweruka kusukulu ankalowera njira ya ku Chibolya, komboni ija yotchuka ndi chamba, pobwera maso ali psuu, m'thumba muli timapepala. Lachiwiri lapitali ndinamulondola nditafunda chitenje cha malemu alamu anu kuti asandizindikire. Anandizindikira ndi agalu okha.

Ku Chibolya sanafikeko. Anaima panjira, pa kantemba ka ba Nsama, mayi amene anasiya uphunzitsi poona kuti malipiro sakugulanso kanthu. Amakazinga vitumbuwa, ndipo pambali ali ndi katoni ya mabuku atsopano a nkhani amene amabwereketsa ana. Ndinapeza Nason ali pafupi ndi mbaula, utsi uli m'maso, akulemba ndi bolopeni osadzutsa mutu.

Ba Nsama anandifotokozera, poyesa kuti ndine gogo wamkazi wodzagula vitumbuwa, kuti buku lililonse limene mnyamatayu wabwereka limabwerako lopanda mapeto. Ndiye amakhala pamenepo kukopera masamba osowawo kuchokera m'buku linzake, n'kuwasokerera ndi ulusi. Akamufunsa amangoti kwawo kuli khoswe wamkulu, wokalamba, woti sungamutchere msampha.

Alongo anga, thukuta linandituluka m'chitenjemo. Mukudziwa kuti nyuzipepala inadula, ndipo fodya wanga sindingapichire ndi mphepo. Mabukuwo ndinkawapeza pamwamba pa kabati, pomwe timathawitsira zinthu madzi akalowa, ndiye ndinkayesa ndi a chaka chatha. Ndinkang'amba chakumbuyo, monga amachitira wosuta aliyense waulemu, poganiza kuti mwiniwake sadzafikako. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo sindinaonepo munthu akufika kumapeto kwa buku.

Ndinavula chitenje n'kuulula zonse. Ba Nsama anaseka mpaka vitumbuwa vinapserera, kenaka anagamula kuti ndikhale pabenchi ndimvetsere zonse zimene ndinasuta. Nason anangosendera kundipatsa malo. Miyezi itatu akundibisira manyazi mwana ameneyu, ine ndili kalikiliki kumunenera kwa inu. Mtima wanga wakhala pansi, koma nkhope sindikudziwa poiika.

Mabuku atatu amene ndinawalumawo ba Nsama atipatsa kuti apite kumudzi, ndipo abwera ndi a Josiah sabata yamawa. Loyamba ndi la zithunzi, la mbuzi imene inakwera minibasi n'kukana kutsika. Zilembo zake ndi zikuluzikulu, ana a Fanwell aliwerenga okha, inunso mukhoza kuyesa popanda magalasi.

Lachiwiri mumupatse Exildah, asanayambe kumvera za anyamata a pachigayo. Ndi la mtsikana amene atate ake anachotsedwa ntchito ku migodi, iye n'kuphunzira kukonza mawailesi, amuna onse a pamsika akumuseka. Mmene zinathera sindikuuzani, ndaononga kale mapeto okwanira.

Lachitatu ndi la anyamata awiri apachibale olondola ng'ombe zawo zobedwa mpaka kumalire. Limeneli liyenera ana okulirapo, ndipo ndi limene linandikomera kwambiri, pomvetsera ndi posuta pomwe. Mukaona masamba a bolopeni kumbuyo musadabwe, ndi dzanja la mdzukulu wanu. Muone mmene amalembera bwino, kenaka mundiuze ngati ameneyu ndi wokaweta mbuzi.

Pempho langa ndi limodzi. Fanwell asabwere, koma m'malo mwake a Josiah pobwerera muwapatsire makoko a chimanga ofewa bwino, odzaza kathumba, kuti ndizipichirira fodya monga ankachitira atate athu. Mukachedwa, maphunziro a mwanayu ali pangozi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Fanwell ndi akazi ake, kwa Exildah ndi adzukulu onse. Nason akuti moni wambiri. Mabuku ake tsopano amasungitsa kwa aneba, ndipo buku langa la nyimbo za kutchalitchi walibisanso. Akuti nyimbo za maliro zili chakumapeto, adzazifuna pa tsiku langa.

Tsalani bwino,
ndine mlongo wanu, khoswe wa ku Kanyama,
Whyson Njobvu