Mphuno ya a Sajeni

Croydon, London
12 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Bonface,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Betty ndi ana. Kodi chifuwa cha Sekani chija chinatha? Nanga makasitomala akubwera kowotcherera kwako ku Dwangwako? Ine kuno ndadzuka, kungoti chisanu chayamba kale kulowa m'mafupa.

Ndikudziwa ukuseka kuti Callista wakalamba, walemba kalata ngati mafoni anatha. Seka, koma uwerenge mpaka kumapeto. Zimene ndaona kuno zandisiya kukamwa yasa, ndipo pa foni ndikanangolira osamaliza.

Ukukumbukira kuti zaka zitatu zapitazo ndinavulala msana ndikudzutsa gogo wina kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ndinakuuza kuti ndinachira. Ndinanama. Ululu unkatsika m'mwendo ngati wina akundithira madzi owira. Mapiritsi onse anandikana, ena ankandisanzitsa, ena ankandigonetsa ndili chiimire.

Chaka chatha dokotala wa mitsempha anandilembera timadontho ta mafuta todontheza pansi pa lilime. Bonface, mafutawo ndi a chamba. Kuno lamulo limalola madokotala ena akuluakulu kulembera odwala mankhwala amenewa, ndipo ndimawalandira kuchokera ku famase ngati ena onse. Eya, ine ndemwe, mlongo wako wa kwaya, amene ndinakutcha wachamba pamaso pa anthu. Akuluakulu ananena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafutawo anandibwezera miyendo. Ndinayambanso kugona, kuthamangira basi, kumaliza shifiti ya maola khumi ndi awiri ndili wowongoka. Koma manyazi! Kuntchito sindinauze munthu, kutchalitchi ndiye usanene.

Kenaka mu Meyi bambo anabwera kudzacheza miyezi isanu. Iwe ukuwadziwa kuposa ine a Sajeni Weston, amene anaima zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu pa rodibuloko ku Nkhotakota. Ukuidziwa mphuno ija imene inkamva chamba pansi pa matumba a usipa lole isanaime n'komwe. Ndi mphuno yomwe ija inapeza ndudu imodzi m'sokosi mwako uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, iwo n'kukutengera okha kupolisi tsiku lomwelo. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi iwe ndi iwo osapatsana moni.

Ndiye ine ndi nzeru zanga zochepa ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndiwabisire. Kabotolo kalikonse kamabwera ndi kapepala komata, kolembedwa dzina langa ndi la mankhwalawo. Ndinayamba kumatula timapepalato n'kutaya m'bini, kabotolo n'kumayenda nako m'chikwama kuti kasagone pakhomo. Ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri mu Croydon monse.

Tsiku lina mu Seputembala chikwama chinagwa m'chipinda chathu chopumira. Kabotolo kanagubuduka mpaka pa nsapato ya manejala wathu, mayi wina dzina lake Wendy. Anakatola, anakanunkhiza, nkhope n'kusintha. Madzulo ake anandiimitsa ntchito.

Ndinapititsa kalata ya dokotala. Wendy anati kalata ndi kalata, koma kabotolo kopanda dzina adziwa bwanji kuti si kogula pamsewu. Anatinso munthu wa chamba sangamusiyire okalamba, kaya walemberedwa kaya ayi. Chonsecho pali mnzathu amameza mapiritsi amphamvu a msana aliyense akuona, palibe amamufunsa kanthu. Zinandiwawa, Bonface. Zaka zinayi sindinalakwitsepo mankhwala a gogo ndi mmodzi yemwe.

Uyenera kumvetsa kuti viza yanga inamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Akanandichotsa, ndikanakhala ndi masiku makumi asanu ndi limodzi opezera ina, apo ayi kukwera ndege. Ndipo ndani angalembe munthu wochotsedwa chifukwa cha chamba?

Masabata awiri ndinkavala yunifolomu m'mawa, kutsanzika bambo, n'kukakhala ku laibulale mpaka nthawi yoweruka. Tsiku lokamva mlandu wanga kuntchito, ndikutuluka kuchipinda, ndinawapeza atavala suti yawo ya imvi ija, nsapato zikuwala, ambulera ili m'manja. Anangoti, "Tiye, pamlandu sachedwa."

Nditafunsa kuti adziwa bwanji, anati yunifolomu ya munthu wochokera ku shifiti imanunkha mankhwala okolopera, koma yanga masabata awiri onsewa imangonunkhira sopo.

Pakhomo la ofesi tinapeza Chanda, mnzanga wa ku Zambia amene amatiimira ku yuniyoni. Anandigwira paphewa n'kuti, "Iwe mwana, osayopa. Aba bantu sibaziba lamulo yabo, lelo tizabaphunzisa." Anawapemphera bambo kuti alowe nawo. Analoledwa, koma anati akhale kumbuyo, asalankhule.

Patebulo panali Wendy ndi mkulu wina wochokera ku likulu la kampani, dzina lake Bruce. Kabotolo kanga kanali pakati, m'kajumbo koonekera, ngati mfuti ya chigawenga. Chanda analankhula bwino kwambiri. Anati matenda a msana ngati anga lamulo limawaona ngati ulumali, ndipo bwana ayenera kumuthandiza wodwala kuti agwire ntchito, osati kumuthamangitsa chifukwa cha dzina la mankhwala ake.

Bruce anamvetsera, kenaka anandiyang'ana n'kufunsa funso limodzi lokha. Ngati zonse zinali zapoyera, ndinachotseranji kapepala?

Yankho linali litakhala kumbuyo kwanga, litavala suti.

Ndinangomva mpando ukukhuluzika. Bambo anaimirira, zidendene pamodzi, n'kupempha chilolezo m'Chingerezi chawo cha kupolisi chija. Anatchula dzina, udindo ndi zaka zimene anagwira ntchito yosaka chamba. Wendy anafuna kuwaletsa, koma Bruce anakweza dzanja kuti apitirize.

Anatulutsa m'jekete kope la ana asukulu. Analitsegula patebulo. Timapepala tanga tonse tisanu, timene ndinkataya m'bini, tinali titamatidwa mmenemo, kalikonse patsamba lake, tsiku lolembedwa pamwamba. Kachisanu kanali koduka pakona. Anamupempha Bruce kuti atulutse kabotolo aone kachidutswa kamene kanatsalira pagalasi, ayerekeze. Bruce anayerekeza. Panalumikizana ndendende, mpaka chilembo chimene chinang'ambika pakati chinakhala chathunthu.

Chanda anagwira pakamwa.

Bambo anati anamva fungolo tsiku loyamba, pamene ndinawakumbatira pabwalo la ndege. Anati anaganiza zondikonzera mlandu monga anaphunzitsidwira, ndi umboni wokwanira, kuti tsiku lodzandidzudzula ndidzasowe pothawira. Ndiye tsiku lililonse ankandiyang'ana n'kulemba.

Anawerenga masamba angapo. Lachiwiri, maso oyera, wayenda mowongoka. Lachisanu, wabwera wotopa, waphika, wandikumbutsa mapiritsi anga a shuga pa nthawi yake. Lamulungu, waimba nyimbo yonse osaphonya vesi. Tsiku lina, mankhwala achedwa kufika, walephera kuvala yekha nsapato, walira m'bafa poganiza kuti sindikumva.

Anati anadikira masiku oposa zana kuti aone misala, ulesi kapena kuseka kopanda pake, zimene anakhala akuuza anthu moyo wawo wonse kuti sizilephera kubwera. Sizinabwere. Chimene anaona ndi mwana wodwala amene akumwa mankhwala ake. Anamaliza n'kunena kuti bodza limodzi lokha ndi limene analipeza, la kapepala, ndipo amene anachititsa bodzalo ndi iwo, chifukwa analera ana oopa mphuno ya bambo awo kuposa ululu.

Bonface, ine ndinabadwa ndikuwaona bambo akuimika anthu. Sindinaganizepo kuti ndidzawaona atadziimika okha pamaso pa azungu awiri, n'kudzipatsa mlandu.

Patatha sabata kalata inabwera yoti ndibwerere kuntchito. Dokotala wa kampani anandiyeza n'kuvomereza kuti ndili bwinobwino. Tsopano kabotolo kamakhala m'kabati yokhoma, kapepala kake kali pompo, dzina langa likuoneka. Wendy amandipatsa moni wouma, koma moni ndi moni.

Koma chimene ndakulembera si chimenechi. Tsiku la mlandu lija tikubwerera pa tiramu, kasitima koyenda mumsewu, bambo anaika kope lija pamiyendo. Tatsala pang'ono kutsika anati, "Iwe ndakupatsa miyezi isanu ndisanaweruze. Mlongo wako uja sindinampatse ndi ola limodzi."

Sindikunena kuti ndudu ija inali mankhwala, ndipo iwonso sakutero. Unali mwana wopulupudza, usakane. Koma unali mwana, ndipo palibe anakhala nawe pansi kukufunsa kanthu. Inenso miyezi yonse imene unali m'ndende sindinabwere kudzakuona ngakhale kamodzi. Ndalawa masabata awiri okha a kutchedwa wachamba, ndipo anandikwana. Iwe walisenza dzinalo zaka zonsezi. Undikhululukire, mlongo wanga.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, kwa Sekani ndi Daisy, ndi kwa azakhali ku Kasitu. Uwauze anawo kuti majuzi awo ali m'chikwama chobiriwira chimene chabwera ndi kalatayi. Mulungu akusungeni nonse, adalitsenso ntchito ya manja ako.

Waona kuti pa envulopu palibe sitampa. Kalatayi yabwera pamanja, ndipo amene wampatsira Betty pamsika ndi bambo, poti miyezi yawo isanu kuno yatha. Anati pakhomo pako safika osaitanidwa. Akaima pa siteji ya minibasi mpaka umalize kuwerenga, ndipo ukapanda kubwera akwera yomaliza osadandaula.

Ukudziwa kuti munthu wa pa rodibuloko satopa kuima. Koma mawondo awo si akale aja, Bonface. Ngati ukupita, tenga mpando.

Ndine mlongo wako,
Callista