Bokosi Lofiira Silinatsike pa Nandolo

Lolemba, 3 Juni
A Kaliati, abwana athu kubungwe la alimi, akuti webusaiti yathu pafoni yadzaza mabokosi ngati msika wa Migowi. Ndakonza. Bokosi lofiira la machenjezo lizioneka pa magawo apamwamba okha: Mbewu, Ziweto, Misika. Munthu akatsikira pa Nandolo, kenako Tizirombo, lisamutsatire. Posankha kuya kwa magawo amene bokosilo lizifika, ndalembapo 1. Zaoneka bwino, ndadzitama ndekha.

Lachinayi, 6 Juni
Chenjezo latsopano m'bokosi muja. Mlingo wa mankhwala a mbozi pa tsamba la nandolo ngolakwika, alimi athire theka lake. Tsambalo ndi chithunzi cha pepala, sitingalisinthe; lokonzedwa tikudikira. Ndatsegula tsamba loyamba, bokosi lili psuu. Ndaweruka.

Lachiwiri, 18 Juni
Wyson, mlangizi wathu, wabwera kuchokera ku Nkhulambe, fumbi mpaka m'nsidze. Nandolo wa mayi Belita wapsa, maluwa onse pansi. Munda wawo ndi umodzi womwewo. "Anatsata zomwe ndinawatumizira pa WhatsApp," watero. Linki yake imagwera pa Tizirombo penipeni. Gawo lachitatu. Bokosi kulibe.
Alimi salowera khomo lakumaso ngati ife a mu ofesi. Sindinaganizeko n'komwe.

Lachitatu, 19 Juni
Ndalawirira, ndasintha 1 kukhala 3 anzanga asanafike. Miniti imodzi basi.
A Kaliati atsegula linki ya Wyson pamaso pa tonse, bokosi ilo. "Kodi iwe suwerenga?" amufunsa. Wyson wayang'anitsitsa foni nthawi yaitali, kenako, "Kaya, mwina maso angawa." Ine osaulula. Ndine wamantha, ndipo manyazi akundidya.

Lolemba, 24 Juni
Wyson akumuchotsa ntchito Lachisanu. Kalata ndiitaipe ine, poti ndine wachangu pa kompyuta. Ha!
Iye sakudziwa. Wandibweretsera chinangwa chophika: "Achemwali a Kate, mundiphunzitseko bwino za webusaitiyi, ndisadzapwetekenso munthu." Chinangwacho chikadali m'chikwama, sindinachidye.

Lachinayi, 27 Juni
Ndasindikiza mapepala awiri. Kalata ya Wyson, ndi mndandanda wa zosintha pa webusaiti: dzina langa, 3 Juni, dzina langanso, 19 Juni, 7:12 m'mawa. Ntchitoyi ndinaisaka zaka zitatu.
Njinga yamoto ya a Kaliati yaima panja. Pepala la dzina langa lija ndaliika pamwamba pa kalata ya Wyson, kuti ayambe kuona limenelo.