Amuna anga analirira khadi la ukwati wa wina

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, pa banja ndakhalapo zaka khumi ndi zitatu. Sindibisa, nsanje yandigwira.

Amuna anga ndi telala. Zaka zinayi zapitazo madokotala anawapeza ndi matenda a mitsempha ya mu ubongo otchedwa MS. Mwendo wakumanzere amachita kukoka, amayenda ndi ndodo, ndipo zala zikachita dzanzi amalephera kulowetsa ulusi pa singano. Amene ndimawamanga mabatani a malaya m'mawa ndine, wowaperekeza kuchipatala ndine ndemwe.

M'shopu mwawo muli mayi wina wa makina a ovaloko, aja osokera m'mphepete mwa nsalu. Ine ndimangomutcha Ovaloko. Makina ake ndi a amuna anga ndi oyang'anizana, ndipo ndi iyeyo amene amawalowetsera ulusi. Ndinkati ndi chifundo chabe.

Lachiwiri lapitali ndinapita kukawasiyira chakudya cha masana. Ndinapeza Ovaloko akugawa makhadi a ukwati wake. Akukwatiwa, asamuka, ntchito asiya mwezi uno ukatha. Amuna anga atalandira khadi lawo anangoliyang'ana, kenaka nkuyamba kulira. Osati kungolengeza misozi ayi, kulira kofuula, mapewa akugwedezeka, pamaso pa makasitomala atatu. Bambo wina amene ankayesa jekete anangoima, mkono umodzi uli m'kati wina uli panja. Ovaloko anathamanga ndi kansalu kukawapukuta, ine mwini wake nditaima pakhomo ndi kontena m'manja ngati ndabwera kudzatsatsa malonda.

Titafika kunyumba ndinawafunsa kuti, "Kodi mumalira chiyani kwenikweni? Mukulira iyeyo?" Iwo anati, "Sindikulira munthu ine, amake mwana. Imalira ndi nkhopeyi, ine ndimangoonerera." Ndinati, "Ndiye kuti nkhopeyo ili ndi chibwenzi chakechake?"

Aphungu, munthu ameneyu sanandigwetserepo msozi. Nditachitidwa opaleshoni pobereka mwana wachiwiri, maso awo anali ouma gwa. Choposa apo, chaka chatha pa maliro a bambo anga, abusa ali pakati pa pemphero, iwo anaphulika chiseko mpaka achimwene anga anachita kuwatulutsa panja. Ndinakhululuka, ndinati mwina ndi mankhwala. Tsopano ndi pamene ndikuona: bambo anga anawaseka, Ovaloko akumulira. Pakamwa pawonso pamasuka. Munthu amene ankachita manyazi kundigwira dzanja pamsewu, mwezi watha anauza Ovaloko ine ndili pomwepo kuti, "Koma diresi limeneli lakukhala!"

Ndiye ndabisa ndodo yawo kuseri kwa wadiropu. Popanda iyo sangafike pokwerera basi, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ali pakhomo. Ndawauza kuti mwina ana anaitaya. Ndikufuna akhale mpaka mkaziyo atachoka. Koma akungokhala pampando kuyang'ana khoma, zovala za eni ake zikudikira ku shopu. Kodi ndalakwa? Nanga ndingadziwe bwanji ngati amamukonda?

N.C., kuseri kwa msika


Mayi N.C.,

Inde, mwalakwa. Ikani nyuzipepalayi pansi, mukatulutse ndodoyo, mubwere mudzapitirize kuwerenga. Ndodo imeneyo ndi mwendo wa amuna anu, ndipo akhoza kugwa popita kubafa pomwepo. Muwauzenso zoona kuti munabisa ndinu, ana asasenze mlandu wa mayi awo.

Nsanje yanuyo ndikuimvetsa. Mwavutika nawo zaka zinayi, ndiye wina angowapukuta kamodzi nkuoneka ngati ndiye wachikondi. Zimawawa, ndipo simuli mkazi woipa chifukwa zakuwawani.

Koma mlanduwu mwaugwetsa nokha m'kalata yanu. Chiseko cha pa maliro ndi misozi ya pa khadi mwaziika ngati milandu iwiri, chikhalirecho ndi chinthu chimodzi. Mwa anthu ena odwala MS, mitsempha imene imagwira mabuleki a kuseka ndi kulira imawonongeka. Kanthu kakang'ono kakangomukhudza, munthu amaphulika kulira kapena kuseka mosagwirizana ndi zimene zili mumtima, ndipo sangadziletse mpaka zitatha zokha. Ena amayambanso kulankhula zimene kale akanameza. Amuna anu ponena kuti imalira ndi nkhope sankakuzembani. Anakufotokozerani matenda awo bwino kuposa mmene ndachitira ine.

Chakupusitsani ndi mawu akuti kulira. Pali kulira kotulutsa misozi, palinso kulira kofuna chinthu. Inu munaona koyambako ndi maso, nkugamula kuti ndi kwachiwiri.

Sindingalumbire kuti mumtima mwawo munalibe kachisoni. Mwina kanalimo, ndipo nzomveka. Akuchokayo ndi munthu amene amawalowetsera ulusi, ndiye telala wa zala zadzanzi ayenera kudzifunsa kuti mwezi wamawa asoka bwanji. Mantha a ntchito si chibwenzi, mayi.

Sabata yomwe ino pitani nawo kwa dokotala wawo. Mukanene zonse osachita manyazi, za pa maliro, za khadi, ndi za pakamwa pomwe. Alipo mankhwala amene amachepetsa vutoli, ndipo dokotala akaonanso ngati palibe matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene kawirikawiri amayendera limodzi ndi MS. Musawagulire mankhwala mwa inu nokha. Zikawagwiranso pagulu, mafunso asiyeni. Akhazikeni pansi, apume pang'onopang'ono, inu muuze anthu kuti, "Ndi matenda, zitha pompano." Achimwene anu aja muwafotokozerenso, chifukwa mpaka lero akuganiza kuti mlamu wawo anaseka maliro a bambo awo.

Za ulusizo, m'mashopu ogulitsa zosokera mumapezeka kachida kakang'ono kolowetsera ulusi pa singano. Kagulireni amuna anu, muyesere limodzi pa tebulo. Pomwepo muwauze mosazungulira kuti munachita nsanje, komanso kuti mwatopa ndipo mumafuna kumva mawu oti zikomo. Mayi wa ovalokoyo mukamufunire mafuno abwino, ndipo mumutchule dzina lake, poti ali nalo.

Chenjerani ndi ichi. Mukapitiriza kuwazenga mlandu pa msozi uliwonse, mudzapambana ndithu. Adzaleka kupita ku shopu, adzakhala pakhomo tsiku lonse monga mukufunira, koma akamva kuti kukubwera kulira azidzathawira kuchipinda nkutseka chitseko. Matendawa ali ndi masiku ovuta kutsogoloku. Tsiku limene amuna anu adzalire zochokera pansi pa mtima, akufuna inuyo, mudzakhala kunja kwa chitsekocho osadziwa kanthu.

Phungu wanu